Bawuti ya ku Tete

Ku Tete palibe amene ankanditchula dzina langa. Onse ankangoti Chipata, chifukwa tsiku lofika atandifunsa kwathu ndinayankha choncho, ndipo dzinalo linandikanirira mpaka tsiku lochoka.

Ndisanapite ndinkawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo m'mbali mwa msewu ku Kapata. Kunyumba kwathu ntchito imeneyi sinkawerengedwa. Malemu bambo anali kalaliki komanso mkulu wa mpingo, akulu anga a Yotamu ndi aphunzitsi, mlongo wanga naye anakwatiwa ndi mphunzitsi. Ine ndinalephera giledi naini. Pa misonkhano ya banja mpando wanga unkakhala wa kukhomo, ndipo pakafunika munthu wopha nkhuku maso onse ankatembenukira kwa ine. Magetsi atayamba kuzima kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ntchito inafa. Ndinkakhala pafupi ndi makina anga ngati mlonda, kudikira babu liyake. Amayi anali atayamba kudwala shuga, mkazi wanga Esinati ali ndi pakati pachiwiri.

Dalaivala wina wa thiraki amene ndinamuwotchererapo chitseko ndiye anandiuza kuti ku Tete, kufupi ndi migodi ya malasha, kuli galaji ikufuna owotcherera. Nditawauza a Yotamu, anavula magalasi awo n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Pita," anatero. "Mwina kumeneko ukakhala munthu. Za amayi usadandaule, tilipo. Iwe uzingotumiza za mankhwala."

Esinati anandiperekeza mpaka pokwerera mabasi a ku Katete. Sanalire. Anandikonza kolala ya shati n'kunena kuti, "Mukafika muimbe." Pamalire a Chanida ndinadutsa ndi chidindo cha mlendo m'pasipoti, cha masiku ochepa. Mwini galaji analonjeza kuti za chilolezo chogwirira ntchito akonza yekha. Zaka zonse zimene ndinakhala kumeneko chilolezocho chinali chikukonzedwabe.

Galajiyo inali bwalo lalikulu lotchingidwa ndi malata, lodzaza matipa onyamula miyala ndi dothi ku migodi. Ife tinkagona m'kontena yachitsulo kuseri kwa bwalolo, anthu asanu ndi atatu, mabedi osanjikiza. Amene sanafike ku Tete sadziwa dzuwa. Sipanala ukaiiwala pabwalo sungaitole ndi manja. Madzi a m'chigubu ankatentha ngati a tiyi. Fumbi la malasha linkalowa m'mano, m'makutu, m'buledi, ndipo ukalavula malovu ankatuluka akuda. Kapitawo wathu tinkamutcha Lapidu, chifukwa mawu amenewo, otanthauza kuti fulumira m'Chipwitikizi, ndiwo anali moni wake, ndiwonso kutsanzika kwake.

Bedi la pansi pa langa linali la a Zuze. Anali bambo wachikulire wa ku Angonia, wamfupi, wa imvi m'ndevu, wolankhula Chichewa ngati cha kumudzi kwa agogo anga. Mlungu woyamba, nditadwala m'mimba chifukwa cha madzi, ndiwo anandiphikira phala n'kukandinenera kwa Lapidu kuti ndatumidwa kukatenga zitsulo. Lamlungu tinkakhala pamthunzi wa tipa yakufa, iwo akuwotcha nsomba youma pa mbaula imene ndinawapangira ndi limu yakale ya tayala, akundiuza za munda wawo wa mbatata ya kachewere ndi ana awo aakazi anayi. Ankafuna kugwira zaka zina ziwiri, akagule ngolo ndi ng'ombe, basi.

Pa galaji yonse, ntchito imene aliyense ankaithawa inali ya mabawuti othyokera m'kati. Misewu ya ku migodi imagwedeza tipa mpaka mabawuti ogwira masipuling'i ku chasisi, mafupa a galimoto aja, amaduka mutu. Chotsalacho chimakhala m'dzenje, chogwidwa ndi dzimbiri, chopanda pogwira. Anyamata ankangochimenya ndi nyundo mpaka kuononga mazinga a m'dzenjemo. A Zuze okha ndiwo ankadziwa, ndipo anandisankha ine kuti ndiziwathandiza chifukwa dzanja langa pa kuwotcherera linali lokhazikika.

"Chipata, ona kuno," ankatero. "Choyamba uipatse chakumwa."

Chakumwacho chinali mafuta a mabuleki osakaniza ndi dizilo. Ankathira, kugogoda pang'ono kuti mafuta alowe, n'kuisiya. Kenako ankatenthetsa chitsulo chozungulira ndi moto wa gasi. Akatero ankaika nati yaikulu pamwamba pa chiduswa chothyokacho, ine n'kuwotcherera m'kati mwa natiyo mpaka nati ndi chiduswa zikhale chinthu chimodzi. Ukatha pamenepo sugwira. Umadikira zizizire. Ndiyeno umaika sipanala n'kumapotoza pang'ono kutsogolo, pang'ono kumbuyo, mpaka umve kalira ka bawuti yoyamba kumasuka.

"Dzimbiri lagwira zaka," ankatero a Zuze, "iwe ukufuna lisiye chifukwa Lapidu wakuwa?"

Tinatulutsa mabawuti ambiri choncho, moti madalaivala ankatigulira zoziziritsa kukhosi. Masiku amenewo ndinkamva bwino. Ndikatumiza kunyumba, a Yotamu ankaimba foni n'kunditchula kuti mphwanga, mawu amene sindinawamvepo m'kamwa mwawo chikhalire. Mwana anabadwa wamkazi, ndinamuona pa foni.

Tipa imene ndikufuna kunena inabwera nthawi yotentha kwambiri, mvula isanagwe. Inali yachikasu, yakale, ndipo mabawuti awiri a sipuling'i yakumbuyo anali ataduka. Ina inatuluka msanga. Inayo inali itaseweretsedwa kale ndi munthu wina panjira: anaiboola mokhota, n'kuthyoleramo chitsulo cholimba chotulutsira mabawuti, chimene chiboolero sichingadye. Inalinso pamalo oipa, m'kati mwa chasisi, moti kuti uifike unayenera kuchotsa matayala akumbuyo n'kugona pansi pa galimoto.

Galimoto yochotsedwa matayala imagonekedwa pa masitandi, zitsulo za miyendo zimene sizigwedezeka. Pa galajiyo analipo ochepa, ndipo tsiku limenelo onse anali pansi pa magalimoto ena. A Zuze anapita kwa Lapidu ine ndili pomwepo.

"Bwana, tidikire masitandi. Ija ya uko itsika mawa."

"Mawa tipa iyi ikhale ili kumgodi," anatero Lapidu. "Jeke ilipo, matabwa alipo. Kodi mukufuna ndikubweretsereninso matilesi?"

Tinaikweza ndi jeke n'kusanja zipika za matabwa pansi pa chasisi. A Zuze anazimenya ndi phazi, n'kupukusa mutu, koma analowa.

Tsiku loyamba lonse linathera pa kuthira mafuta ndi kutenthetsa. Ndinawotcherera nati yoyamba nditagona chagada, zothetheka zikundigwera pakhosi. Itazizira tinapotoza, inabenthuka n'kugwa. Yachiwiri chimodzimodzi. Chitsulo cholimba chija chinkakana kugwirana ndi chowotcherera. A Zuze anatenga ponchi, kachitsulo kosongoka komenya ndi nyundo, n'kuyamba kuchiswa pang'onopang'ono, kachidutswa kamodzikamodzi, mpaka dzuwa linapendeka. Potuluka pansipo malaya awo anali ngati awaviika mumtsinje.

M'mawa mwake mwini tipa anabwera yekha, n'kuima ndi Lapidu pamthunzi akuyang'ana wotchi. Ndinawotcherera nati yachitatu, yaikulu kuposa zija, ndipo ndinaidzaza bwino. Tisanadikire mokwanira Lapidu anali atafika kale.

"Yazizira imeneyo! Potozani!"

"Isiyeni pang'ono, bwana," anatero a Zuze ali pansi.

"Ndati potozani!"

Sipanala yokha sinkakwanira, choncho tinailowetsa mu paipi yaitali yotulukira kunja kwa galimoto. A Zuze anagona pansi atagwira sipanala pa nati kuti isaterereke, ine ndili kunja ndi paipi. Ndinakankha pang'ono, ndinabweza pang'ono, monga anandiphunzitsira. Kachitatu ndinamva kalira, kaphokoso kakang'ono ngati ka mbewa.

"Yavomera!" anafuula a Zuze, ndipo ndinamva kuti akuseka. "Pang'onopang'ono tsopano, Chipata."

Koma Lapidu anali pakhutu panga. Ankakuwa kuti ndine waulesi, kuti anthu a ku Zambia timadya ndi manja awiri koma kugwira ntchito ndi chala chimodzi, kuti ngati sinditha pali anthu khumi pageti. Mwini tipa ankaseka. Sindinganame kuti Lapidu anagwira paipi ija. Ndinaigwira ndine. Mkwiyo unandikwera, ndinadumpha n'kuikanikiza ndi thupi langa lonse.

Bawuti inamasuka kamodzi. Ine ndinagwa chafufumimba, galimoto inagwedezeka, jeke inapendeka, ndipo ndinamva thabwa likung'aluka. Tipa inakhala pansi mbali imodzi. Sinachite phokoso lalikulu ayi. Phokoso linali la a Zuze.

Chasisi chinawapana mkono wamanja, pamwamba pa chigongono. Tinathamanga ndi majeke a magalimoto ena, wina anabweretsa chitsulo chotukulira, tonse tikukuwa m'zinenero zitatu. Sindidziwa zinatenga nthawi yaitali bwanji. Titawakoka, mkonowo sunkaoneka ngati mkono. Ndinavula lamba wanga n'kuwamanga paphewa. Anandiyang'ana, milomo itayera, n'kunena kuti, "Nsapato yanga yatsala pansipo." Tinawakweza kumbuyo kwa kagalimoto ka mwini galaji, ndipo nditafuna kukwera nawo Lapidu anandigwira phewa.

"Iwe ukupita kuti? Tipa ithe."

Masitandi anapezeka nthawi yomweyo. Anawachotsa pansi pa galimoto ina imene inali itatha kale kukonzedwa dzulo lake, yongodikira mwini wake. Ndinalowa pansi pa tipa ija, ndinagona pambali pa magazi amene anawathira mchenga, ndipo bawuti ija ndinaitulutsa ndi zala ziwiri. Mazinga anali bwinobwino. Madzulo tipa inapita kumgodi.

Patapita masiku awiri anandiitana ku ofesi. Munali mwini galaji, Lapidu, ndi kalaliki wamkazi amene ankadziwa Chinyanja. Patebulo panali pepala la Chipwitikizi. Mayiyo anandiwerengera osandiyang'ana. Pepalalo linkati masitandi analipo, kapitawo anauza a Zuze kuti awagwiritse ntchito, koma iwo anakana chifukwa cha changu chawo. Pansi panali malo a mboni.

"Si mmene zinalili," ndinatero.

Mwini galaji anatsegula kabati n'kutulutsa pasipoti yanga, imene ankasunga iye. Anaitsegula pa chidindo chija cha mlendo chimene chinatha kalekale, n'kuiika pafupi ndi pepalalo. Analankhula mofatsa, mayiyo akumasulira. Anati akuluakulu oona za ngozi abwera mawa, ndipo akafunsa za munthu amene anagwira paipi, adzafunanso kuona mapepala ake. Anati iye sakufuna kuti ine ndikagone kundende ya dziko la eni. Anati ndiganize, ndibwere masana.

Ndinatuluka n'kuimbira a Yotamu. Ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa masitandi mpaka pa pasipoti. Ndinkafuna munthu wophunzira, mwana wa mkulu wa mpingo, andiuze kuti bodza ndi bodza, bwera kunyumba tidzaona chochita.

"Munthuyo ndi m'bale wako?" anafunsa.

"Ndi amene anandisunga kuno."

"Mkono wake ubwerera ukakana kusaina? Amayi mwendo watupa, adokotala akuti asadumphitse mankhwala. Iwe usatibweretsere mavuto ena. Saina, Mulungu amaona mumtima."

Masana ndinasaina. Mayi uja anandibwereka cholembera chake, ndipo pochilandiranso anachipukuta pa siketi.

A Zuze anawadula mkono kuchipatala cha m'tauni. Anzanga a m'kontena anapita kukawaona Lamlungu, ine ndinati mutu ukundipweteka. Lamlungu linalo ndinati ndikuchapa. Atatuluka, mkazi wawo anabwera kuchokera ku Angonia kudzatenga katundu. Anali mayi wamtali wovala kolona m'khosi. Anaima pakhomo pa kontena n'kufunsa kuti, "Chipata ndi uti? Bambo akuti mbaula ndi yake, atenge." Ndinali kuseri kwa tipa yakufa ija, ndikumva zonse, ndipo sindinatuluke. Chifukwa cha pepala lija a Zuze sanalandire chipukuta misozi chilichonse. Anawapatsa thumba la ufa ndi galimoto yowasiya pa siteji.

M'kontena palibe anandifunsa kanthu. Anangosiya kundiitana podya. Bedi la pansi linapatsidwa munthu wina, ndipo mabawuti onse othyoka anakhala anga. Lapidu anayamba kundilemekeza, ankanditcha mesitiri, ndiko kuti katswiri, pamaso pa madalaivala. Ndinakhalako zaka zina ziwiri. Galasi lakuda la chigoba chowotcherera litasweka sanagule lina msanga, ndinkangotsinzina, ndipo mpaka lero maso anga amatuluka misozi ndikayang'ana malata padzuwa.

Za imfa ya amayi ndinazimva kwa dalaivala wa ku Chipata amene anabwera ndi thiraki yodontha oyilo. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Pepani ndi zovuta zija. Ndinadutsa pamaliro, anthu analipo ambiri." Ndinafunsa kuti maliro a ndani. Amayi anali ataikidwa milungu itatu yapitayo. Ndinali nditatumiza za mankhwala awo masiku anayi okha m'mbuyomo, ndipo a Yotamu anayankha kuti zafika, zikomo.

Pa foni sanachite manyazi. "Tinakambirana monga banja," anatero. "Tinaona kuti ukamva usiya ntchito, ndipo ndi mapepala akowo sungabwererenso. Ukanadzachita chiyani kuno? Kuwadzutsa?"

"Nanga Esinati?"

"Tinamuuza kuti asakusokoneze."

Mawa lake ndinapita ku ofesi kukatenga pasipoti. Mwini galaji anaiponya patebulo osafunsa chifukwa. Pamalire ndinakhala tsiku lathunthu pabenchi chifukwa cha chidindo chija, n'kusiyako foni yabwino ndi nsapato zatsopano zimene ndinagulira mkazi wanga.

Chipata ndinaipeza yodzaza njinga zamoto ndi mashopu atsopano. Nyumba ya amayi inali itapakidwa penti, mukukhala anthu a lendi, ndipo a Yotamu anandilandirira pakhonde la nyumba yawo, osati m'kati, chifukwa munali alendo a kumpingo. Anandiyang'ana manja, anandiyang'ana maso ofiirawo, n'kufunsa kuti ndibwerera liti. Mlongo wanga anandiperekeza kumanda, koma njira yonse ankalankhula za mwala wa pamanda, kuti aliyense achitepo kanthu, makamaka amene anali kunja.

Esinati ndinamupeza ali ndi benchi yake ya tomato ndi kapenta pamsika wa Kapata. Anali atanenepa pang'ono, akulankhula mokweza, akudziwana ndi aliyense. Sanandilakwire, anasunga ana bwino. Koma nyumba inali itaphunzira kuyenda popanda ine. Nditamufunsa chifukwa chake sanandiuze za amayi, anapitiriza kusankha tomato.

"Akulu anu anati ndikakuuzani, ana adya chiyani. Ine ndikanatani? Inuyo kumeneko simunachitepo chinthu chifukwa choopa?"

Sankadziwa za pepala lija. 

Ndinabwerera m'mbali mwa msewu. A minibasi atamva kuti ndimatulutsa mabawuti othyoka anayamba kubwera, ndipo ndi zimene ndimadyera mpaka pano. Tsiku lina masana, ndikudikira magetsi, foni inalira, nambala ya ku Mozambiki. Anali mawu a mtsikana. Anati nambala anaipeza kwa dalaivala, ndidikire, bambo akufuna kulankhula.

"Chipata."

Ndinaimirira, sindidziwa chifukwa chake. "A Zuze. Muli bwanji, akulu?"

"Tilipo. Ndamva za amayi ako. Pepa."

Ndinathokoza. Ndinafunsa za kumunda. Anati ana aakazi ndiwo amalima, iwo amangoingitsa nkhuku, ndipo wachiwiri anasiya sukulu. Anati anaphunzira kudya ndi dzanja lamanzere, koma kumanga lamba kumawavutabe. Kumbali yawoko ndinkamva mbuzi.

"Pepala lija anandiwerengera ndili m'chipatala," anatero. "Anawerenga mpaka dzina la mboni."

"Akulu, anali ndi pasipoti yanga. Anati..."

"Ndikudziwa zimene anati. Ndakhala m'magalaji zaka zambiri kuposa iwe. Mwina ndikanakhala ine ndikanasainanso, sindidziwa. Za pepala ndinazisiya." Anatsokomola. "Koma ndinagona pabedi lija milungu isanu, bedi loyang'ana kukhomo. Aliyense wolowa ndinkati ndi iwe. Ndinkafuna undiuze wekha, ndi pakamwa pako. Ngakhale ukanangobwera kudzakhala osalankhula."

Ndinayesa kunena kuti pepani, koma mawu anatuluka ngati a munthu wina. Ndinati ndibwera, Angonia si kutali, ndidzadutsira ku Dedza mvula ikatha.

"Usavutike," anatero a Zuze, mofatsa ngati kale. "Sindinaimbe kuti ubwere. Ndinangofuna udziwe kuti ndinkadikira."

Mtsikana uja analanda foni n'kunena kuti mayunitsi atha. Ndinasunga nambalayo. Mvula yatha katatu chiimbire foni ija, ndipo sindinapite, sindinaimbenso.